Kasamalidwe ka Makina a Chigayo Asanawonongeke

Kasamalidwe ka makina asanawonongeke kali pawiri. Njira yoyamba ndi yotsata nthawi: mwini chigayo amathira girizi m'mabering'i, kusintha oyilo wa injini ndi kukunga malamba pakakwana maola olembedwa m'buku la makinawo, ngakhale chigayo chikuyenda bwino.

Njira yachiwiri ndi yotsata zizindikiro. Bering'i ikayamba kutha imatentha ndi kulira mwachilendo. Mahamala akaperepeseka mosiyana, chigayo chimanjenjemera, choncho amatembenuzidwa kapena kusinthidwa onse pamodzi kuti mbali ina isalemere. Sefa ikabooka, ufa umatuluka wokhakhala. Woyendetsa chigayo akamalemba zimenezi m'kaundula tsiku ndi tsiku, makaniko amadziwa chitsulo chofunika kusintha chisanathyoke.

Chitsulo chikathyokera m'kati, tizidutswa take timasakanikirana ndi ufa wa anthu ndipo tingavulaze woyendetsa. Maginito oikidwa polowera chimanga amagwira misomali isanafike pa sefa.

Nyengo yoyenera kuunika chigayo chonse ndi kukolola kusanayambe, pakuti chikaima chimanga chitachuluka, mwini amataya ndalama ndipo ogayitsa amayenda mtunda wautali. Ntchito yonseyi imagwiridwa makina atazimitsidwa.