Mbiri ya Kaseti ndi Mawu a Akuluakulu Athu

M'nyumba zambiri za kuno kunyanja, kuchokera ku Makanjira ndi Malindi mpaka ku Chipoka ndi Nkhotakota, muli sutukesi yakale imene yatha zaka osatsegulidwa. M'katimo, pakati pa zithunzi ndi makalata, muli makaseti. Ana athu obadwa m'nyengo ya foni zam'manja sadziwa ntchito yake, ndipo ena amasolola tepi yake n'kumaseweretsa. Komatu ena mwa makaseti amenewo akusunga mawu a anthu amene tinawaika m'manda kalekale: aphunzitsi athu a kumadrasa, masheikh, agogo, ndi abale amene anatsikira kulichete ali kutali ndi kwawo. M'kope lino tikumbutsane za kumene kachipangizo aka kanachokera, ntchito imene kanagwira pakati pathu, ndi udindo umene katisiyira.

Pamene mawu ankapita ndi mwini wake

Kwa zaka zoposa 1,200 za mbiri ya Chisilamu, liwu la munthu linkatha iye akangotseka pakamwa. Maphunziro ankasungidwa pamtima ndi pacholembera basi. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale naye) atamwalira mu 632, maswahaba ambiri oloweza Qur'an anaphedwa pankhondo ya ku Yamama. Umar anaopa kuti oloweza akapitirira kutha chotero, zimene zili m'mitima mwawo zipita nawo. Iye analangiza Khalifa Abu Bakr, amene analamula Zayd bin Thabit kuti asonkhanitse Qur'an m'buku limodzi. Zilembo zinasungika papepala, koma kamvekedwe ka kuwerenga kanapitirira kuyenda kuchokera pakamwa pa mphunzitsi kupita m'khutu mwa wophunzira.

Kuno kwathu zinalinso chimodzimodzi. Chichokereni nthawi ya Jumbe Salim bin Abdallah, amene anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, Chisilamu chinafalikira m'mbali mwa nyanja kudzera mwa aphunzitsi oyenda pansi ndi pamadzi. Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda, amene anakaphunzira ku Kilwa, anamwalira mu 1930. Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje anamwalira mu 1959. Onse awiri anapita kaseti isanabadwe, ndipo zimene timadziwa za iwo zinatifika kudzera mwa ophunzira awo.

Makina ojambula mawu analipo kale, poti Thomas Edison anapanga oyamba mu 1877, ndipo mu 1935 kampani ya AEG ya ku Germany inaonetsa makina ojambula pa tepi. Koma anali olemera ndi okwera mtengo, ndipo ankapezeka kunyumba zoulutsira mawu, kuboma ndi kwa anthu achuma. Hugh Tracey, amene anayendera Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 kujambula nyimbo za anthu akumidzi, ankanyamula zida zake pagalimoto. Ngakhale ku Egypt zinali zovuta. Sheikh Muhammad Rifat anawerenga Qur'an potsegulira wailesi ya boma mu 1934 ndipo anamwalira mu 1950, koma zambiri mwa zimene zatsala za liwu lake zinapulumuka chifukwa cha anthu omukonda amene ankajambula m'nyumba zawo iye akamawerenga pawailesi. Mu 1961 Sheikh Mahmoud Khalil al-Husary anajambula Qur'an yonse m'kawerengedwe ka murattal, ndipo inatuluka pa zimbale zambirimbiri za galamafoni, zimene munthu wamba wa kumudzi sakanazikwanitsa.

Chaka cha 1963

Kusintha kunachokera ku Hasselt m'dziko la Belgium, kufakitale ya kampani ya Philips. Kumeneko injiniya wina wa ku Netherlands, Lou Ottens, ankatsogolera gulu lofuna kupanga tepi yosavuta kugwiritsa ntchito. Iye anasemetsa kathabwa kolowa m'thumba la jekete yake, nanena kuti chimene apange chisapose pamenepo. Mu Ogasiti 1963 kaseti inaonetsedwa pachionetsero cha mawailesi ku Berlin, pamodzi ndi makina ake oyendera mabatire otchedwa EL 3300.

Tepi ya m'kati mwa kaseti ndi lamba wopyapyala wapulasitiki, wa mamilimita 3.81 m'lifupi, wopakidwa fumbi lachitsulo logwira maginito. Munthu akalankhula, maikolofoni imasandutsa mawu kukhala mphamvu ya magetsi, ndipo kamutu ka m'makinamo kamadinda mphamvuyo pa fumbi lija pamene tepi ikudutsa pa liwiro la masentimita 4.76 pa sekondi. Kaseti ya C60 inkatenga mphindi 30 mbali iliyonse, ya C90 mphindi 45. Poyamba mawu ake sankamveka bwino kwenikweni pa nyimbo, ndipo ntchito yake yaikulu inali kujambula munthu akulankhula. Philips inalola makampani ena kupanga makaseti ofanana popanda kulipira, ndipo n'chifukwa chake kaseti yogulidwa ku Johannesburg inkaimba m'wailesi yopangidwa ku Japan. Apa m'pamene, kwa nthawi yoyamba, msodzi, mlimi ndi mphunzitsi wa kumadrasa anatha kusunga liwu la munthu popanda kupempha chilolezo kwa mwini situdiyo.

Kaseti ifika kunyanja

Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 tikukumbukira kuti wailesi ya kaseti inkabwera m'mudzi ndi munthu wochokera kuulendo: wobwerera ku migodi ya ku Joni, wogwira ntchito ku Zimbabwe, kapena wochokera ku Hajj. Nthawi imeneyo nyumba youlutsira mawu m'dziko muno inali imodzi yokha, MBC, ndipo Radio Islam inadzayamba mu 2001. Motero ambiri a ife tinamva koyamba liwu la Sheikh Abdul Basit Abdus Samad ndi la Sheikh al-Husary pakaseti, titakhala pamkeka pakhonde, wina aliyense ataletsedwa ngakhale kutsokomola.

Kaseti inagwiranso ntchito ina imene sitiyenera kuiiwala. Makolo athu ambiri sanapite kusukulu za mishoni poopa kuti ana awo asiyitsidwa chipembedzo. Ankawerenga zilembo za Chiarabu, koma kalata ya ku positi inkafuna mlembi, ndipo mlembi ankamva zinsinsi za banja. Kaseti inachotsa mlembi pakati. Mayi ankatha kukhala patsogolo pa wailesi n'kulankhula ndi mwana wake wa kutali m'Chiyao kapena m'Chichewa, kumuuza za maliro, za mvula, za usipa, n'kumaliza ndi dua, kenako kaseti n'kupatsira munthu wapaulendo.

Kujambula kunali ndi luso lake. Pankafunika kudina mabatani awiri nthawi imodzi, lofiira ndi loimbitsa, ndi kudikira pang'ono kuti kachigawo koyera ka kumayambiriro kwa tepi kadutse, apo ayi salamu yonse inkatayika. Wailesi inkaikidwa pansalu kufupi ndi wolankhula kuti phokoso la injini yake lisalowe m'mawu. Mabatire anali okwera mtengo, choncho tinkabweza tepi ndi bolopeni, ndipo otha mphamvu tinkawayanika padzuwa. Koma wojambula ndi mabatire ofooka ankadzidzimuka pambuyo pake: tepi inkayenda pang'onopang'ono pojambula, ndiye ikaimbidwa ndi mabatire atsopano, sheikh wa liwu lalikulu ankamveka wothamanga ngati kamwana. Pa Ijumaa mnyamata wojambula ankakhala tcheru pansi pa mimbari kuti atembenuze kaseti mwamsanga, ndipo n'chifukwa chake makhutba ambiri akale ali ndi mpata pakati.

M'maiko ena mphamvu ya kaseti inafika podetsa nkhawa maboma. Ku Cairo, Sheikh Abd al-Hamid Kishk, mlaliki wosaona, ankalalikira Lachisanu, ndipo makaseti a ulaliki wake ankafalikira m'maiko onse olankhula Chiarabu. Anamangidwa mu 1981, ndipo atatulutsidwa sanaloledwenso kukwera pamimbari, koma makaseti ake anapitirira kumveka m'matakisi ndi m'misika mpaka iye atamwalira mu 1996. Ku Iran, mauthenga a Ayatollah Khomeini ankalowa m'dziko pamakaseti iye ali kunja, mpaka ufumu wa Shah unagwa mu 1979. Boma likhoza kutseka nyuzipepala ndi wailesi, koma silikanatha kusecha thumba la munthu aliyense.

Komabe aphunzitsi athu ankatichenjeza kuti kaseti imalankhula koma siimva. Mwana akhoza kutsanzira Abdul Basit tsiku lonse, koma akalakwitsa potulukira chilembo, kaseti siimuimitsa kuti abwereze. Inali mthandizi wa mphunzitsi, ndipo sinalowe m'malo mwake.

Chimene ife tinataya

Pamwamba pa kaseti iliyonse pali timapulasitiki tiwiri ting'onoting'ono. Tikathyoledwa, batani lofiira limakana kudinika ndipo zojambulidwazo sizingafufutike. Ife tinaphunzira zimenezi mochedwa. Tili ophunzira, m'mwezi wina wa Ramadhan itatha swala ya Tarawih, tinapempha mphunzitsi wathu wokalamba kuti atifotokozere amene anamuphunzitsa, ndi amene anaphunzitsa iwowo, ndi mmene mzikiti wa m'mudzi mwathu unamangidwira. Analankhula mpaka C90 inadzaza mbali zonse ziwiri. Sitinalembe kanthu pachikuto, sitinathyole timapulasitiki tija. Patapita miyezi, wachibale wina anaitenga poyesa ndi yopanda ntchito, najambulapo nyimbo za pawailesi. Zinatsala mphindi zochepa za kumapeto, pamene mkuluyo ankatipangira dua. Iye anamwalira dzinja lotsatira, ndipo maina amene anatchula usiku umenewo palibenso wowakumbukira onse. Allah amuchitire chifundo, ndipo atikhululukire kusasamala kwathu.

Udindo umene watsala

CD, kenako foni ndi memori khadi, zinakankhira kaseti pambali. Lou Ottens anamwalira mu Malichi 2021 ali ndi zaka 94. Koma makaseti a m'masutukesi mwathu sakudikira. Kutentha ndi chinyezi cha kunyanja zimachititsa tepi chuku ndi kuimatanitsa, ndipo maginito a sipika amafufuta mawu a kaseti yoikidwa pafupi nawo. Madzi osefukira, monga amene anavuta anthu a ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota mu 2024, amatha kuononga m'usiku umodzi zimene zinasungidwa zaka 40. Vuto lina ndi la makina owerengera: malamba a mphira a m'kati mwake amasungunuka, ndipo amisiri odziwa kuwakonza akuchepa. Mu 2019 bungwe la UNESCO, mogwirizana ndi bungwe la akatswiri osunga mawu la IASA, linachenjeza kuti pofika cha m'ma 2025 kudzakhala kovuta kupeza makina abwino owerengera matepi. Nthawi imeneyo si ya kutsogolonso.

Choncho tikupempha banja lililonse ndi komiti ya mzikiti uliwonse kuti mutsegule masutukesiwo. Kaseti iliyonse imene ili ndi liwu la munthu, choyamba muithyole timapulasitiki tija. Ya chuku musaiike m'makina, chifukwa idzaononga kamutu ndi makaseti ena otsatira. Ipatuleni mpaka ataiona mmisiri. Yesani wailesi ndi kaseti yopanda ntchito musanaikemo yamtengo wapatali, ndipo pukutani kamutu ndi thonje lonyowetsa ndi sipiriti. Achinyamata odziwa kompyuta alumikize wailesi ndi waya kuti mawu asamutsidwe bwino. Ngati palibe, ngakhale foni yoikidwa pafupi ndi sipika m'chipinda chachete ikuposa kusachita kanthu. Zosamutsidwazo zisungidwe m'malo awiri osiyana, ndipo kaseti yeniyeniyo isatayidwe.

Koposa zonse, itanani okalamba amene adakali moyo kuti amvetsere, atiuze kuti wolankhulayo ndani, unali mzikiti uti, chinali chaka chanji, ndipo zimenezo zilembedwe. Makalata a pakaseti okhala ndi nkhani za m'banja ndi amana; abwezedwe kwa eni ake, asamwazidwe pa WhatsApp. Ndipo amene ali ndi agogo kapena mphunzitsi wokalamba, foni ili m'thumba mwake ikhoza kugwira lero ntchito imene inkafuna wailesi ndi mabatire. Apemphe chilolezo, akhale pansi mwaulemu, afunse, ndipo alembe dzina ndi tsiku.

Tikupempha Allah kuti awakhululukire aphunzitsi athu ndi makolo athu amene anatsogola, ndi kutipatsa mphamvu zosunga zimene anatisiyira. Ameen.