Thupi likakana mlendo: mbiri ya kuika chiwalo cha munthu mwa munthu wina

Kusoka si kumene kunavuta. Pofika chaka cha 1902, dokotala wa ku France, Alexis Carrel, anali atapeza kale njira yolumikizira mitsempha ya magazi ndi singano ndi kaulusi kopyapyala, luso lomwe akuti analiona kwa amayi opeta nsalu mumzinda wa Lyon. Atasamukira ku America anayesa lusoli pa agalu ndi amphaka. Akachotsa impso n'kuibwezera m'nyama yomweyo, inkagwira ntchito bwinobwino. Akaiika m'nyama ina, inkatulutsa mkodzo masiku angapo kenako n'kufa. Manja ndi omwewo, ulusi ndi womwewo. Carrel analandira mphoto ya Nobel mu 1912, koma chimene chinkapha impsozo chinamukanika.

Mu 1933, Yurii Voronoy wa ku Ukraine anachotsa impso mwa bambo amene anali atamwalira maola asanu ndi limodzi m'mbuyomo n'kuiika mwa mayi wodwala. Gulu la magazi awo linali losiyana. Impsoyo sinagwire ntchito ndipo mayiyo anamwalira patangopita masiku awiri.

Yankho linatulukira pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nthawi imene zipatala za ku Britain zinadzaza ndi anthu akupsa ndi moto. Peter Medawar ndi Thomas Gibson ankasamalira mayi wina mumzinda wa Glasgow, ndipo anamumata timagawo ta khungu la mlongo wake. Toyamba tinagwira kaye, kenako tinafota. Atamumata tachiwiri tochokera kwa munthu yemweyo, tinafa mofulumira kuposa toyamba tija. Apa Medawar anazindikira kuti thupi limakumbukira. Asilikali a m'thupi, omwe amatiteteza ku chikuku ndi chifuwa chachikulu, ndi omwewonso amene amaukira chiwalo chachilendo. Mlimi amamezanitsa lalanje pa tsinde la mandimu, mtengo n'kubereka popanda chovuta. Thupi la munthu silololera chotero.

N'chifukwa chake opareshoni yotchuka ya pa 23 December 1954 ku Boston inali yolizemba vutolo, osati kulithetsa. Richard Herrick, yemwe impso zake zinali zitasiya kugwira ntchito, anali ndi mnzake wobadwa naye mapasa ofanana, dzina lake Ronald. Dokotala Joseph Murray anafuna kutsimikiza kuti anyamatawa ndi ofananadi, moti anawadinditsa zala kupolisi ndiponso anayesa kumata khungu la wina pa mnzake. Khungulo linagwira. Impso nayo inagwira. Richard anakwatira namwino amene ankamusamalira m'chipatalamo, anabereka ana awiri, ndipo anakhala zaka zisanu ndi zitatu. Ronald anakhala ndi impso imodzi mpaka 2010. Koma ndi odwala angati amene ali ndi mapasa ofanana nawo?

Kwa ena onse panafunika kugonetsa chitetezo cha m'thupi. Poyamba ankaotcha thupi lonse ndi cheza champhamvu, ndipo ambiri anafa ndi matenda wamba impso yatsopanoyo ikadali yabwino. Zinthu zinayamba kusintha pamene Gertrude Elion ndi George Hitchings anapanga mankhwala a azathioprine, omwe Roy Calne anawayesa pa agalu, ndiponso pamene Thomas Starzl anaonetsa mu 1963 kuti akaphatikizidwa ndi prednisone amatha kubweza thupi limene layamba kale kukana chiwalo.

Nkhani ya ku Cape Town imakambidwa kawirikawiri ngati chipambano, koma ili ndi phunziro lowawa. Pa 3 December 1967, pachipatala cha Groote Schuur, Christiaan Barnard anaika mtima wa mtsikana wa zaka 25, Denise Darvall, mwa Louis Washkansky. Patapita masiku, mapapo a Washkansky anayamba kuonetsa zachilendo. Madokotala anayesa kuti thupi likukana mtima, ndiye anawonjezera mankhwala ogonetsa chitetezo. Chinali chibayo. Anamwalira pa tsiku la 18, mtima uli wabwino ndithu. Chaka chotsatira zipatala zinachita kulimbirana, maopareshoni a mtima n'kufika pafupifupi 100 padziko lonse, koma odwala ambiri sanathe miyezi ingapo, ndipo zipatala zambiri zinasiya. Mankhwala akachepa, chiwalo chimafa. Akachuluka, mwini wake ndiye amafa. Madokotala a lero akadali pakati pa zigwa ziwirizi.

Ena anafufuza mbali ina: bwanji osasankha chiwalo chofananako ndi wodwala? Mu 1958 Jean Dausset wa ku Paris anapeza chimodzi mwa zizindikiro zimene maselo a munthu amanyamula, zomwe lero zimatchedwa HLA. Abale a bere limodzi amatha kufanana kwathunthu pa zizindikirozi, mwayi wake ndi umodzi mwa inayi. Mu 1969 Paul Terasaki ndi Ramon Patel ku Los Angeles anaonetsa kuti magazi a wodwala akakhala kuti ali kale ndi zida zolimbana ndi maselo a wopereka, impso imada n'kufa nthawi yomweyo, mwina wodwala asanachoke pa tebulo la opareshoni. Zida zimenezi munthu amazipeza akathiridwapo magazi, akalandirapo chiwalo china, kapena mayi akatengapo pakati. Kuyambira pamenepo, magazi a awiriwo amayamba ayesedwa pamodzi mpeni usanakhudze aliyense.

Chimene chinasintha zonse chinachokera m'dothi. Wogwira ntchito pakampani ya Sandoz ya ku Switzerland anatapa dothi ali kutchuthi ku Norway, ndipo m'dothimo munali chuku chomwe chinapereka mankhwala a cyclosporine. Calne anawapereka kwa odwala ku Cambridge mu 1978, ndipo America inawavomereza mu 1983. Kale, mwa impso khumi zochokera kwa omwalira, pafupifupi zisanu zokha ndi zimene zinkatha chaka zikugwira ntchito. Mankhwalawa atabwera zinafika zisanu ndi zitatu. Kuika mtima ndi chiwindi kunadzukanso. Tacrolimus, amene ambiri amamwa masiku ano, anachokeranso m'dothi, la m'mbali mwa phiri la Tsukuba ku Japan. Chodandaulitsa n'chakuti mankhwala awiri onsewa amawononga impso pang'onopang'ono, impso yomwe akuiteteza ija.

Kufanana kwa HLA nako kunapezeka kuti si mfumu ya zonse. Mu 1995 Terasaki anaonetsa kuti impso zimene mwamuna kapena mkazi wapereka kwa mnzake wa m'banja, anthu opanda ubale wamagazi, 85 mwa 100 zinkagwirabe ntchito patatha zaka zitatu, pomwe zochokera kwa omwalira zinali 70 mwa 100. Chifukwa chake n'chomveka. Impso ya munthu wamoyo ndi wathanzi imangochoka m'chipinda china kulowa china. Ya womwalira imakhala maola ambiri mu ayezi yopanda magazi, ndipo ola lililonse limaichotsera mphamvu. Mtima ndiye supirira n'komwe, maola anayi mpaka asanu ndi limodzi basi. Msinkhu wa wopereka nawo umawerengedwa.

Ku Groote Schuur komweko, mu 2008, Elmi Muller anayamba kuika impso za omwalira amene anali ndi HIV mwa odwala amene ali ndi HIV, anthu omwe nthawi imeneyo sankapatsidwa malo pa makina osefa magazi m'zipatala za boma. Ambiri anakayika. Impsozo zinagwira.

Chaka choyamba madokotala anachigonjetsa, ndipo lero impso zoposa 90 mwa 100 zimachidutsa. Zaka khumi ndiye zikuvutabe. Chiwalo chimalema mwakachetechete: zipsera zimakula mkati mwake, matenda oyamba aja nthawi zina amabwerera, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimachidya, ndipo munthu akayamba kudumphitsa mankhwala thupi limapanga zida zatsopano. Achinyamata ndiwo amataya ziwalo kwambiri mwa njira imeneyi, chifukwa akamva bwino amayesa achira.

Kwa Amalawi amene amapita ku India kukalandira impso, gawo limeneli ndi lomwe limawatsata kumudzi. Opareshoni imatha tsiku limodzi, ndalama zake n'kusonkhedwa kamodzi. Tacrolimus amamwedwa m'mawa ndi madzulo moyo wonse, ndipo magazi amafunika kuyezedwa pafupipafupi kuti aone ngati mlingo wake sunakwere kapena kutsika. Mwezi umene mankhwalawo asowa, kapena ndalama yogulira yasowa, asilikali a m'thupi amadzuka n'kuyamba kuiukira impsoyo ngakhale itakhala m'thupimo zaka khumi.