Board wipe: khadi losesa bwalo

Osewera Magic: The Gathering, masewera a makhadi omwe Richard Garfield anayambitsa mu 1993, akati board wipe amatanthauza khadi limodzi lochotsa zilombo zonse pabwalo nthawi imodzi. Lodziwika kwambiri ndi Wrath of God, lomwe limafuna mana (mphamvu yolipirira makhadi) 4 basi. Khadi limeneli lili ngati moto wolusa kutchire: silisankha kuti ichi n'cha mdani, ichi n'chako.

Mawuwa amamveka kawirikawiri m'masewera a Commander, momwe anthu anayi amakhala pa tebulo limodzi, aliyense ndi makhadi 100 komanso moyo 40. Pamenepo luso lagona pa kudikira. Wochenjera amatsitsa zilombo ziwiri zokha, zina n'kuzisunga m'manja, kuwasiya anzake adzaze bwalo. Akasesa, iye wataya zochepa pamene atatu aja atsala manja lende. Woponya msanga amangothandiza amene anali asanatsitse kanthu, ndipo mkwiyo wa tebulo lonse umagwera iye.

Cyclonic Rift nayo imatchedwa board wipe ngakhale siipha. Ukalipira mana 7, imabwezera m'manja mwa adani zonse zomwe anaika pabwalo kupatula makhadi a malo, zako osakhudzidwa. Ine ndimaiona ngati yankhanza kuposa Wrath of God, makamaka ikaponyedwa mnzako akumaliza ulendo wake, wako uli pafupi kuyamba. Mu Commander, mtsogoleri wa gulu lako akafa pa kusesa kopha zilombo amabwerera pamalo pake, koma kumuitananso kumadula mana 2 owonjezera nthawi iliyonse imene wamuitana.