Flames ya Kinnah, ya Mponda ndi ya Gabadinho: Idayaka Koposa ndi Iti?

Pali mikangano ina imene ngakhale mutaitula kwa nyakwawa siingathe. Umodzi mwa iyo ndi wofuna kudziwa kuti mwa matimu onse amene adavalapo makaka a dziko lino pa mpira wamiyendo, idaposa inzake ndi iti. Mkanganowu mudzaupeza pa bawo ku Ndirande, m'minibasi ya ku Bangwe, pa maliro ku Chilomoni amuna akamachezera moto, ngakhalenso m'maofesi mwathu m'boma nthawi ya nkhomaliro. Achikulire amati mpira udatha ndi Kinnah Phiri. Anyamata amati nkhalambazo zimangokometsa zakale poti palibe kanema wozitsutsa. Ife a zaka za m'ma 40 tili pakati: Kinnah sitidamuone akusewera, koma tidakula dzina lake lili m'makutu.

Tiyambe ndi zimene zidalembedwa. M'chaka cha 1978 mpikisano wa maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa, umene lero timautcha CECAFA, udachitikira kuno kwathu. Flames, pansi pa mphunzitsi wa ku Mangalande Ted Powell, idagonjetsa Zambia 3-2 m'ndime yotsiriza pa bwalo la Kamuzu. Zambia imeneyo sidali yamasewera. Zaka zinayi m'mbuyomo idafika m'ndime yotsiriza ya chikho cha Africa, ndipo nyengoyo idali ya Godfrey Chitalu ndi Alex Chola. Ena akadati tidapambana chifukwa galu amalimba pakhomo pa mbuyake, koma chaka chotsatira, 1979, anyamata adapita ku Kenya nakatenganso chikhocho pogonjetsa eni bwalo 3-2. Kuteteza chikho kuchilendo ndi chinthu chimene Flames sidachitenso kufikira lero.

Mbadwo umenewu sudathere pomwepo, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokoneza. Akamati "timu ya Kinnah" amaphatikiza zaka khumi ngati kuti adali masewero amodzi. Zoona zake n'zakuti pamene Malawi imapita koyamba ku chikho cha Africa ku Ivory Coast mu 1984, Kinnah adali atapita kale ku Swaziland. Adasiya mbiri ya zigoli 71 imene palibe waifika, koma ku Bouaké kudapita anzake ndi ang'ono ake: Jack Chamangwana, Young Chimodzi, Harry Waya, Clifton Msiya ndi ena. Kumeneko Algeria idatikwapula 3-0, Ghana idatipambana 1-0, koma pakati pa masewero awiriwa tidatsogola 2-0 pa Nigeria, zigoli za Waya ndi Msiya, Clement Temile asadabweze zonse ziwiri nthawi yopumulira isadakwane. Nigeria yomweyo ndiyo idakafika m'ndime yotsiriza chaka chimenecho.

Kenaka mu 1987, pa masewero a All-Africa Games ku Nairobi, Flames idabwera ndi mendulo yachitatu itagonjetsa Cameroon 3-1. Mu 1988 idatenganso CECAFA kachitatu pothambitsa Zambia 3-1, chaka chomwe Zambia idadabwitsa dziko lapansi pokwapula Italy 4-0 pa ma Olympics a ku Seoul. Iyi idali nyengo ya Lawrence Waya, amene ku Ndirande mpaka lero amangomuti Lule, ya Frank Sinalo ndi Peterkins Kayira. Ndidali mwana wa ku pulayimale nthawi imeneyo, ndipo chimene ndimakumbukira ndi chakuti tikamasewera mpira wachikulunga pa fumbi la ku Zingwangwa, aliyense ankafuna kukhala Lule. Mwana wonenepa yekha ndiye tinkamukankhira pagolo.

Kuchokera mu 1984 padapita zaka 26 tisadaponde ku chikho cha Africa. Zaka zimenezi n'zodabwitsa, chifukwa akatswiri adalipo. Ernest Mtawali adatchuka ku Mamelodi Sundowns mpaka kukasewera ku Toulouse m'dziko la France. John Maduka adali ku Bush Bucks, Patrick Mabedi adafika potsogolera Kaizer Chiefs, Chancy Gondwe naye adali katswiri wosayamba. Mukati muwerenge munthu payekhapayekha, mwina mbadwo umenewu ndiwo udali ndi luso loposa. Koma zipatso zake zidali kufika m'ndime yotsiriza ya COSAFA kawiri, mu 2002 ndi mu 2003, n'kugonja kwa South Africa ndi Zimbabwe. Ndiye mbadwowu ndiuchotsa pa mkanganowu, ngakhale ndikudziwa kuti anzanga ena a ku Lali Lubani andikwiyira.

Timu yachiwiri yoyenera kuiyesa pa sikelo ndi ya 2008 mpaka 2010, ya kaputeni Peter Mponda. Iyi ndidaiona ndi maso anga, ndipo munthu amakondera chimene adaona. Mu June 2008 Egypt, imene idali itangotenga chikho cha Africa kawiri motsatizana, idagwa 1-0 pa Kamuzu ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya oyimbira atatsala pang'ono kuthetsa masewero. Tsiku limenelo msewu wa Chipembere udadzaza anthu oyenda pansi, ena kulowera ku Limbe, ena kudutsa njira zachidule zopita ku Ndirande, magalimoto akungolira mahutala. DR Congo idagwanso pomwepo 2-1. Mu 2009 Guinea idagwa 2-1, ndipo Ivory Coast idapulumukira kwa Didier Drogba amene adalowa kudzabweza chigoli cha Jacob Ngwira. Tisaiwale komabe kuti Ivory Coast yomweyo idatithira zigoli zisanu kwa duu ku Abidjan chaka chomwecho. Timu imeneyi idali mkango pa Kamuzu, koma ikakwera ndege mano ankagwedera.

N'chifukwa chake zimene zidachitika pa 11 January 2010 ku Luanda zidadzidzimutsa ngakhale ife eni ake. Algeria, imene idali itapeza kale malo ku chikho cha dziko lonse, idamwa zigoli zitatu osabwezako: Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Ngongole ya ku Bouaké idabwezedwa ndendende, 3-0 kwa 3-0, ndipo woibweza adali Kinnah Phiri, tsopano ali mphunzitsi. Koma zidathera pomwepo. Angola idatipambana 2-0. Pokumana ndi Mali ku Cabinda tinkangofuna kufanana mphamvu kuti tipitirire, koma mphindi zitatu zoyambirira zisadathe Frédéric Kanouté ndi Seydou Keita adali atagoletsa kale, ndipo tidagonja 3-1. Tidabwerera kumudzi tili kumchira kwa gulu lathu, pamene Algeria tidainyazitsa ija idakafika m'ndime ya matimu anayi.

Anyamata a lero amaimika mlandu wawo pa January 2022 ku Cameroon, ndipo ali ndi mfundo imene sitingaikane: timu yawo yokha ndiyo idadutsapo ndime ya m'magulu. Idapeza malo pogonjetsa Uganda 1-0 mu March 2021 ndi chigoli cha Richard Mbulu, Meck Mwase ali mphunzitsi. Ku Bafoussam idagonja 1-0 kwa Guinea, idagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango, n'kulepherana 0-0 ndi Senegal ya Sadio Mané imene idatenga chikhocho. M'masewero amenewo oyimbira adatipatsa penate kenaka n'kuilanda ataonera pa kanema. Nkhani ya penate imeneyo musaiyambe m'minibasi ngati mukutsika pafupi. Ndipo pa 25 January ku Yaoundé, Gabadinho adaponya mpira kuchokera kutalitali, pafupi ndi pakati pa bwalo, n'kudutsa pamwamba pa goloboyi Yassine Bounou. Morocco idabweza kudzera mwa Youssef En-Nesyri ndi Achraf Hakimi, koma miyezi khumi ndi umodzi pambuyo pake Morocco yomweyo idafika m'ndime ya matimu anayi pa chikho cha dziko lonse ku Qatar.

Tsono apa ndi pamene ine, monga munthu wozolowera mafayilo, ndimapempha kuti tione malamulo a mpikisano tisadagamule. Mu 1984 ku chikho cha Africa kunkapita matimu 8 okha. Mu 2010 adali 16, ngakhale Togo idachoka basi yake itaomberedwa ku Cabinda. Mu 2022 adali 24, ndipo matimu anayi othera pachitatu m'magulu ankaloledwa kupitirira. Malawi idadutsira pa khomo limeneli, ili pachitatu ndi mapointi anayi. Kunena mosapsatira, kungofika ku Ivory Coast mu 1984 kudali kukhala m'gulu la matimu asanu ndi atatu a mu Africa, pamene kudutsa m'magulu mu 2022 kudali kukhala m'gulu la 16. Achinyamata sakonda masamu amenewa.

Koma nawonso achikulire ali ndi pobisala pawo. Ulendo wa ku Ivory Coast udafupika chifukwa Zaire idadzichotsa mu mpikisano, choncho tidangodutsa Zimbabwe ndi Madagascar. CECAFA udali mpikisano wa m'chigawo, wopanda zimphona za kumpoto ndi kuzambwe kwa Africa. South Africa idali yoletsedwa mpaka 1992 chifukwa cha tsankho. Komanso wailesi ya kanema idafika m'dziko muno mu 1999, kotero ambiri amene amalumbira kuti Kinnah ankaombera mpira mpaka kung'amba ukonde adamva pa MBC, ndipo wailesi siionetsa mpira wotayidwa. Ngakhale malamulo enieniwo adasintha: kufikira 1992 wotseka kumbuyo akapanikizika ankangobwezera mpira kwa goloboyi n'kuugwira ndi manja. Mponda kapena Limbikani Mzava adalibe mwayi umenewo.

Ndikaika zonsezi pamodzi, ine ndimapereka chikho kwa mbadwo wa 1978 mpaka 1988, ndipo chifukwa changa si Kinnah kapena Lule. Chifukwa changa ndi kutalika kwa nthawi. Timu ya Mponda idayaka zaka ziwiri. Ya Gabadinho idayaka masabata awiri, n'kulephera kubwererako mu 2023 ndi mu 2025. Koma akale aja adakhala akupambana zaka khumi, Kinnah atachoka padabwera ena, Chamangwana atapita ku Kaizer Chiefs mu 1986 timu idapitirira kubweretsa mendulo ndi chikho.

Chinsinsi chake sichidali mankhwala ayi. Osewera onse adali pakhomo, ambiri mumzinda umodzi uno wa Blantyre. Bata Bullets, Limbe Leaf Wanderers, ADMARC Tigers, Hardware Stars, kenaka MDC United: maina okhawo akukuuzani kuti kumbuyo kwa timu iliyonse kudali kampani. Wosewera ankalembedwa ntchito, m'mawa ali pa desiki kapena m'fakitale, madzulo ali pabwalo. Mphunzitsi wa Flames akafuna anyamata ake sankadikira tikiti ya ndege kuchokera ku Johannesburg kapena ku Rostov kumene Esau Kanyenda ankasewera. Ankadziwana mapazi chifukwa ankakumana sabata ndi sabata pa Kamuzu ndi pa BAT. Mipikisano ya sukulu nayo idali yamoyo, ndipo Kinnah yemweyo adatulukira ku sekondale ya Chaminade ku Karonga. Makampani aja atayamba kugulitsidwa ndi kutsekedwa m'zaka za m'ma 1990, matimu ena adafa nawo limodzi, ndipo mabwalo ambiri a m'makomboni mwathu adasanduka mapuloti ndi misika.

Pali chinthu china chimene achinyamata saachiona akamanyoza nkhalamba. Pa benchi ya ku Luanda mu 2010 padakhala Kinnah Phiri, pambali pake Young Chimodzi, ndipo Jack Chamangwana adali mlangizi wawo. Chipambano chachikulu cha mbadwo wachiwiri chidakonzedwa ndi anthu atatu a mbadwo woyamba, awiri mwa iwo adalipo ku Bouaké tsiku limene Algeria idatithira zitatu.