Mbiri ya Mayadi m'Mizinda ya Malawi

Mayadi ndi madera a m'mizinda momwe muli nyumba zikuluzikulu zotalikirana, iliyonse papuloti yake yotakasuka, ya kapinga, mitengo ndi mpanda. Ku Blantyre madera otere ndi monga Sunnyside, Namiwawa, Nyambadwe ndi Mount Pleasant, pomwe ku Lilongwe otchuka ndi Area 3, Area 10, Area 12 ndi Area 43. Onsewa anachita kukonzedwa dala kuti mukhale anthu ochepa pamalo aakulu, ndipo chomwe chakhala chikusintha ndi mtundu wa anthu okhalamo.

Chiyambi cha mayadi chili ku Blantyre, komwe amishoni a ku Scotland anakhazikika mu 1876. Patapita zaka ziwiri kunabwera kampani ya African Lakes, yoyendetsedwa ndi John ndi Frederick Moir, anthu apachibale, ndipo mu 1882 inamanga nyumba yosanja ya Mandala, yomwe ilipo mpaka lero. Azungu obwera pambuyo ankasankha malo okwera, kopita mphepo, poopa malungo. Ku Zomba, komwe kunali likulu la boma kuyambira 1891, nyumba za akuluakulu zinatsamira phiri, pomwe msika ndi nyumba za anthu wamba zinali kumunsi.

Mu nthawi ya atsamunda, khungu ndilo linkanena komwe munthu akhale. Makhonsolo a matauni anali m'manja mwa azungu, amwenye ankakhala pafupi ndi masitolo awo, ndipo anthu akuda ambiri ogwira ntchito m'tauni ankachokera m'midzi ya kunja kwa malire, monga Ndirande. Wakuda wogona kumayadi ankakhala wantchito basi: khukhi, wochapa, gadeniboyi kapena mlonda. Amenewa ankapatsidwa kanyumba kakuseri, kotchedwa boizikota, komwe kanali ka chipinda chimodzi kapena ziwiri. Nyumba ya bwana inkakhala ya njerwa zootcha, denga la malata, khonde lalikulu lozungulira ndi chumuni chootherapo moto m'nyengo yozizira. Mpanda unkakhala wa maluwa kapena mitengo yodulira, ndipo odutsa mumsewu ankaiona nyumbayo bwinobwino. Macheza ankachitikira kumakalabu monga Blantyre Sports Club ndi Gymkhana ya ku Zomba.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, nyumba zambiri za boma zomwe munkakhala azungu zinapita kwa nduna, alembi aakulu a maunduna, majaji ndi mabwana a makampani a boma. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe linamanga nyumba za lendi m'matauni. Wantchito wa boma ankapatsidwa nyumba molingana ndi giredi yake, choncho kukwezedwa pantchito kunkayenda limodzi ndi kusamuka. Apa udindo unalowa m'malo mwa khungu, koma kagawidwe ka malo kanatsala momwemo.

Likulu latsopano la Lilongwe linatengera dongosolo lomweli. Boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linakhazikitsa Capital City Development Corporation mu 1968, ndipo ntchito inayamba ndi ngongole yochokera ku South Africa. Mzindawu unagawidwa m'madera a manambala, olekanitsidwa ndi nkhalango, madambo ndi misewu italiitali. Area 10, Area 12 ndi Area 43 anaikidwa pafupi ndi Capital Hill ndi maofesi a akazembe, Area 18 inali ya antchito apakatikati, pomwe anthu opeza zochepa anapatsidwa mapuloti ang'onoang'ono kutali, monga ku Area 25, kuti adzimangire okha. Likulu litasamuka mu 1975, bwana ankafika kuofesi m'mphindi zochepa pagalimoto, pomwe mesenjala wake ankadzuka m'bandakucha kukadikira basi.

Maonekedwe a mayadi anasintha kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Anthu anachuluka m'matauni, umbava unakula, ndipo mipanda ya maluwa inasanduka ya njerwa, yotalika kuposa munthu. Poyamba pamwamba pake ankamatapo magalasi a mabotolo osweka, kenaka kunabwera waya wa minga ndi wa magetsi. Pageti lachitsulo pamakhala kanyumba ka mlonda, belu ndi chikwangwani cha kampani ya chitetezo. Kuthimathima kwa magetsi ndi kuuma kwa mipope kwachititsa kuti nyumba zambiri zikhale ndi jenereta, sola ndi thanki yamadzi. Masiku ano chotsegula geti ndi ndalama: mumakhala amalonda, andale, akazembe ndi ogwira ntchito m'mabungwe akunja, ndipo nyumba zina zasanduka maofesi, maloji ndi sukulu za mkaka.

Moyo wa kumayadi ndi wa aliyense zake. Anthu oyandikana nyumba amatha zaka akungodziwana magalimoto, mlendo safika osaimba foni, ndipo ana sasewera limodzi pamsewu. Zimenezi zimaonekera poyera pakagwa zovuta: m'madera othithikana uthenga wa maliro umafalikira nthawi yomweyo ndipo oyandikana nawo amabwera ndi nkhuni ndi ufa, pomwe kumayadi odzagona pasiwa amakhala achibale, akumpingo ndi akuntchito.

Ngakhale zili choncho, mayadi sanakhalepo paokha. Pafupi ndi dera lililonse lotere pamamera dera lothithikana lomwe limapereka antchito: Kauma ali m'mbali mwa Area 12, Mtandire wagundana ndi Area 47, ndipo Ndirande wayandikana ndi Nyambadwe. M'mawa uliwonse alonda oweruka kuntchito amakumana m'njira ndi amayi opita kukachapa, anyamata osenga kapinga ndi ogulitsa masamba m'madengu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,264 mu Blantyre. Oposa theka la anthu amenewa amakhala m'madera osakonzedwa ndi khonsolo, ndipo okhala kumayadi ndi kagawo kochepa chabe.