Mbiri ya Manambala Amene Wofulasha Foni Amadalira

Mu 1991, pamene Linus Torvalds, wophunzira wa ku Helsinki, anatulutsa Linux, aliyense woifuna ankalumikiza yekha zidutswa zake kuti kompyuta iyake. Mu 1993 kunabwera Slackware ndi Debian, amene anasonkhanitsa zidutswazo pamodzi, ndipo m'kupita kwa nthawi zonse zinayamba kulongedwa mu fayilo imodzi ya ISO yongowotchera pa CD.

Vuto linatsala pa kusiyanitsa fayilo yomalizidwa ndi yosamalizidwa. Kumapeto kwa 1995, kampani ina inasindikiza Debian yosamalizidwa n'kuilemba kuti 1.0. Eni Debian anaisiyiratu nambalayo, ndipo mu June 1996 anatulutsa 1.1 poopa kusokoneza anthu.

Mark Shuttleworth wa ku South Africa anabwera ndi njira yosavuta mu October 2004. Ubuntu yoyamba, mtundu wa Linux umene iye anayambitsa, inatchedwa 4.10, kutanthauza chaka ndi mwezi, moti amene waona 24.04 amadziwiratu kuti ndi ya April 2024. Komabe dzina lokha likhoza kunama. Mu February 2016, akuba a pa intaneti analozera anthu ku fayilo yabodza ya Linux Mint 17.3 yokhala ndi pulogalamu yoipa. N'chifukwa chake fayilo yodalirika imayendera limodzi ndi chidindo cha SHA256, mndandanda wa zilembo ndi manambala umene umasinthiratu fayiloyo ikangokhudzidwa pang'ono pokha.

Kwathu kuno mbiriyi yafika kudzera pa foni. Android, imene inatuluka mu 2008, inamangidwa pa Linux yomweyo. Pa Migowi kapena pa Chiringa ku Phalombe, Itel kapena Tecno ikamangoyaka n'kuima pa dzina, mwini wake amauzidwa kuti ikufunika kufulasha, ndiye kuti kufufuta pulogalamu yonse yoyendetsa foniyo n'kuikamo ina yokonzedwa kale kufakitale.

Apa ndi pamene mmisiri weniweni amadziwikira. Mafoni awiri amatha kufanana dzina ndi maonekedwe koma m'kati muli zipangizo zosiyana, ndipo fayilo yolakwika imadetsa sikirini kapena kuipheratu foni. Wodziwa ntchito amayamba wawerenga modelo ndi nambala ya pulogalamu, kenako amafananiza ndi fayilo yake chilembo ndi chilembo. Mwina mwini foni ndi mlimi amene anagulitsa nandolo kuti apeze foni imeneyo, yomwe amalandiriranso ndalama za Airtel Money kapena Mpamba. Kuwerenga nambala mofatsa ndi kulemekeza thukuta lake, ndipo mnyamata aliyense wophunzira ntchitoyi ayenera kuyambira pamenepo.