LIKOMA, CHILUMBA CHOTHAWIRAKO NKHONDO

Kumadzulo kwa Chipata, m'dziko la Akunda, kuli mishoni ya Msoro. Wansembe amene anayamba ntchito pamenepo, Leonard Kamungu, sanali mbadwa ya m'chigwa cha Luangwa ai. Iye anabadwira ku Chia, m'mbali mwa Nyanja tsidya la kum'mawa, naphunzira m'sukulu za mishoni ya Likoma ndi ku Kiungani ku Zanzibar, nadzamwalira ku Msoro m'chaka cha 1913. Chotero mbiri ya chilumba cha Likoma si nkhani yachilendo kwa aphunzitsi a chigawo chino, ngakhale ana ao ambiri sanaonepo madzi oposa a mu Lutembwe.

Palinso chinthu china chimene chimanga maiko awiriwa pamodzi, ndicho nkhondo ya Angoni. Mtundu umenewu unaoloka Zambezi mu November 1835, tsiku lija dzuwa linada usana, uli ndi mfumu yao Zwangendaba. Iye atamwalira ku Ufipa anthu ache anagawikana. Mpezeni anatsika ndi gulu lache, ndipo atayendayenda anadzakhala kumene kuli Chipata lero. Gulu lina linazungulira kumpoto kwa Nyanja nilikhazikika ku Songea, ndipo amenewa ndiwo anatchedwa Magwangwara. Achewa a kuno pothawa mikondo anamanga malinga a dothi, ena nakwera m'mapiri. Anyanja a tsidya lija anali ndi linga lina losamangidwa ndi manja, ndilo madzi. Magwangwara anali kutsika m'mapiri kudzafunkha chakudya, ziweto ndi anthu, koma sanali odziwa ngalawa. Tsono ena anabisala m'bango, ena anamanga nyumba zao pa mitengo yozikidwa m'madzi, ndipo amene anali ndi bwato anapalasa kunka ku Likoma ndi ku Chizumulu. Sanali Angoni okha oopedwa. Masiku omwewo mafumu a Ayao, monga Makanjira, anali kugulitsa akapolo, ndipo zombo za matanga za Jumbe wa ku Nkhotakota zinali kuolotsa anthu ogwidwa kumadzulo, paulendo wao wautali wa ku Kilwa.

Koma chilumba chimene chinapulumutsa miyoyo yao sichinakhoze kuidyetsa bwino. Likoma ndi malo ang'ono: munthu akhoza kuyenda kuchokera kunsonga ina kufika kunsonga inzache asanamve njala. Nthaka yache ndi ya mchenga ndi miyala, ndipo mtengo umene ukondwa napo ndiwo mlambe, umene supatsa munthu nkhuni kapena mtanda wa nyumba. Chimanga sichichita bwino; chakudya chenicheni ndi chinangwa, ndiwo zache usipa ndi utaka. Mphunzitsi pofotokozera ana a kuno za chuma ayenera kuchenjera pamenepa, pakuti mwana wa Mngoni akamva mau akuti chuma aganiza za khola la ng'ombe, ndipo wa Mchewa aganiza za nkhokwe. Pachilumba munthu wolemera anali iye wokhala ndi bwato ndi khoka. Bwatolo ndilo linali khasu lache, msewu wache, ndiponso pothawira pache. Ndipo chobvuta nchakuti mitengo yaikuru yosemera mabwato inali tsidya lija, kumtunda komwe kunali adani. Nkhuni, udzu wofolera, minda ya nthaka yabwino, zonse zinali komweko. Munthu anali kugona mosatekeseka pachilumba, koma kuti banja lache lidye anayenera kuoloka kukaika moyo wache pangozi.

Panali choopsa chinanso chimene madzi sakanatha kuchitsekereza, pakuti chinali m'mudzi momwe. Anthu othinana pa malo ochepa, a njala ndi a mantha, sachedwa kulozana chala. Mwana akafa, kapena bwato likamira, anali kufunafuna mfiti, namwetsa anthu mwabvi. Pa Likoma panali malo otchedwa Chipyela, kunena kuti potenthera, chifukwa pamenepo ndipo anali kutenthera oyesedwa mfiti. Si bwino kuti mphunzitsi alumphe mbali imeneyi pofuna kuti mbiri ikome. Nkhalamba imene inapulumuka mkondo wa Magwangwara inali kukhoza kufa ndi moto woyatsidwa ndi abale ache.

William Percival Johnson, wa mishoni ya U.M.C.A., anafika pa Nyanja mu 1882 pamodzi ndi mnzache Charles Janson, amene anamwalira masiku omwewo ku Chia. Mu 1885 mishoni inalandira malo pa Likoma, mfumu Chiteji wa tsidya lija atabvomera, ndipo chaka chomwecho sitima yotchedwa dzina la Janson inaikidwa pamadzi. Azungu aja anasankha chilumba pa chifukwa chomwe chija anachisankhira eni dziko: pakuti nkhondo sifikapo. Nzeru ya Johnson inali yakuti likulu likhale pachilumba, sitima ndiyo izizungulira m'midzi ya m'mbali mwa Nyanja kunyamula aphunzitsi ndi kuyendera sukulu. Komabe iwonso analawa mabvuto a pamalopo. Mu 1892 moto unapsereza nyumba zambiri za mishoni, zimene zinali zofolera ndi udzu. Chaka cha 1895 ndicho chinawawa koposa. Mu August wansembe George Atlay anaphedwa ndi Angoni ataolokera kumtunda. Patapita masiku owerengeka, pa 2 September, Chauncy Maples, amene anali atangodzozedwa kumene ku London kukhala Bishopu wa Likoma, anamira pamodzi ndi Joseph Williams, ngalawa yao itagubuduzika ndi namondwe ali paulendo wobwera ku chilumbacho. Manda a Maples ali ku Nkhotakota. Imfa ziwirizi zisonyeza bwino lomwe malire a mtendere wa pachilumba: mbali ina mkondo, mbali ina mafunde.

Pamenepo nkuti maboma a ku Ulaya atagawana kale dziko. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 linapereka gombe la kum'mawa kwa Apwitikizi, koma Likoma ndi Chizumulu zinatsala m'manja mwa Angerezi chifukwa cha mishoni. Olemba panganolo sanafunse mwini munda aliyense. Kuyambira pamenepo mkazi wopita kukatola nkhuni, kapena mwamuna wokalima m'dimba la makolo ache, anali kulowa m'dziko la boma lina. Nkhondo za Angoni zinatha m'zaka zotsatira. Kuno mphamvu ya Mpezeni inathyoledwa mu January 1898, ndipo mwana wache Nsingo anaomberedwa. Pa Chipyela pomwe paja anayamba kumanga tchalitchi lalikuru la Petro Woyera mu 1903, nalipatula mu 1911. Miyala anaiphwanya pachilumba pomwepo, koma mitengo, monga mwa kale, inachokera tsidya lija.

Chuma chatsopano chimene chinafika pa Likoma sichinali cha m'nthaka, chinali sukulu. Pachilumba chosowa minda ana anaphunzira kuwerenga ambirimbiri, anyamata ndi atsikana omwe, ndipo atakula anamwazikana kukagwira ntchito za uphunzitsi, ukalaliki, ukalipentala ndi za m'chipatala ku Tanganyika, ku maiko a Rhodesia ndi ku Joni. Ndalama zao ndizo zinagula ufa ndi nsalu kwao. Mtengo wache unali wakuti midzi inatsala ndi akazi, ana ndi okalamba, oyembekeza kalata ndi sitima. Kamungu anali mmodzi wa oyamba a ulendo umenewo, ngakhale iye sanatuluke kukafuna ndalama.

Nyanja yokha sinasinthe. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira mabwato sayenda, ndipo wodwala kwakukuru kapena mai wobvutika pobereka anali kungodikira mphepo ileke. Ngakhale sitima zachitsulo sizinali zosagonjetseka. Pa 30 July 1946 sitima yatsopano ya Vipya inamira ndi namondwe kufupi ndi Florence Bay, kumpoto kwa Nyanja, ndipo anthu 145 anatayika. Ilala, imene inalowa m'malo mwache mu 1951, inakhala kwa zaka zambiri njira yaikuru yolumikiza zilumbazi ndi dziko lao la Nyasaland, limene linadzatchedwa Malawi. Tsiku lofika sitima linali ngati tsiku la msika ndi la positi pamodzi.

Ambiri anayesa kuti ntchito ya chilumba yobisa anthu inatha pamodzi ndi Magwangwara. Sizinatero. Chakumapeto kwa 1964 nkhondo ya Frelimo ndi Apwitikizi inabuka ku Cobué, pandunji pa Likoma, ndipo mabanja a m'midzi ya m'gombe anasiya minda ndi nyumba zao naoloka m'mabwato monga anachitira agogo ao. M'zaka za 1980, pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, anaolokanso, nthawi yomweyo imene anzao a ku Tete anali kuthawira kuno nasungidwa ku Ukwimi m'dera la Petauke. Eni chilumba anawalandira, pakuti ambiri anali abale ao eni eni, koma chinangwa ndi nkhuni zimene zinali zosakwanira kale zinayenera kugawidwanso. Mtendere utapanganidwa mu 1992 ambiri anabwerera kwao. Likoma inakhala boma palokha mu 1999, ndipo pa kalembera wa 2018 anthu a pa zilumba ziwirizi anapezeka oposa 14,000.